Amene Ankatsatira NaNgozo ku Phiri la Chitseko

Vulani nsapato mapazi apume, chifukwa chikweza cha mawa si chamasewera. Mbatatayo muziitembenuza, ingapserere. Mwandifunsa kuti ine, munthu wa bondo lotha chonchi, ndimalimbikiranji ulendo uno chaka ndi chaka. Ndikuuzani, koma amene sakhulupirira angokhala chete, asaseke, pakuti eni nkhaniyi ndi abale anga.

Ine ndine Damiano Ngozo wa ku Tsangano. Ndinali ndi achemwali anga, a Apoloniya, amene aliyense ankangowatchula kuti NaNgozo. Anakwatiwa ndi a Venansio, wokhoma zidebe pamsika, munthu wamtali, wosayankhulayankhula, amene chala chawo cha mkombaphala chinadukira pakati ndi lumo la malata. Ine ndi alamu angawo sitinayambanepo, komanso sitinkagwirizana. Zaka makumi anayi tinkangopatsana moni basi.

Chimene chinkandipweteka ndi ichi. Mwana wawo woyamba, Lusiya, atamwalira ali namwali, achemwali analonjeza kuti mwezi wa Ogasiti uliwonse adzayenda wapansi kukafika ku mtanda wa pa phiri la Chitseko, masiku anayi m'mapiri omwe tikuyendamowa. A Venansio iwo anasiya n'kutchalitchi komwe. Ankati Mulungu amene sanamve pamphasa pa mwana wodwala sangakamve pamwamba pa phiri. Achemwali akamanga phukusi lawo ankaima pakhomo n'kunena kuti, "Tiyeni, bambo a Lusiya." Iwo, osadzutsa n'komwe mutu pa chidebe, ankayankha kuti, "Tsogolani, ndikupezani." Ndinamvapo ndi makutu angawa, ndipo kwa ine chinali chipongwe. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, yankho lake lomwelo.

Achemwali anamwalira mu Epulo, chimanga chikuyamba kuuma m'minda. Ogasiti atafika, mwana wawo wotsiriza, Felesita, anandiimbira foni kuchokera ku Blantyre akulira.

"Malume, adadi agawa zida zawo zonse. Nyundo, lumo, ngakhale chitsulo chokhomerapo chija. Chakudya sakudya. Tsopano akuti akupita ku Chitseko okha. Chonde musawasiye."

Ndinapita kwa alamu m'mamawa. Ndinawapeza akutseka chitseko ndi waya, chikwama chili kumsana, chipewa chawo chakhaki chija chili kumutu. Gulu la ku parishi linali litanyamuka dzulo lake.

"Alamu, ndabwera kuti tiyende limodzi," ndinatero.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana bondo langa. "Njira ndi ya aliyense," anatero, n'kutsogola.

Tsiku loyamba tinadutsa m'minda ya kachewere, mphepo ikutibaya m'makutu. Iwo patsogolo, ine pambuyo. Sitinayankhulane. Chimene ndinaona n'chakuti munthuyo sankafunsa njira. Ine ndinali nditaperekezako achemwali kamodzi kokha kalekale, ndipo tinjira tambiri ndinali nditaiwala, koma iwo akafika pamphambano ankangokhota ngati akupita kudimba kwawo. Ndinati mwina achemwali ankawalongosolera.

Dzuwa litapendeka, tikutsika m'chigwa china cha mitengo ya misuku, ndinamva kaphokoso kumbuyo kwanga. Ngwe, ngwe, ngwe. Kanali kochepa, ngati kachitini kakugunda pa chinthu munthu akamayenda. Ndinacheuka, kunalibe munthu. Ndinati ndi mbuzi ya belu. Titayambanso kuyenda, nako kanayamba. Titaima, kanapitirira kawiri, kenaka zii.

Pamenepo ndinakumbukira kuti achemwali ankamangirira kapu ya lata kunja kwa phukusi lawo, yotungira madzi m'mitsinje. Anawakhomera ndi amuna awo omwewo.

"Alamu, mwatenga kapu ija ya achemwali?"

"Inapita nawo m'bokosi," anayankha osacheuka. Koma ndinaona kuti achepetsa liwiro, monga amachitira munthu akamadikira wina wotopa.

Tinagona pa katchalitchi kena ka udzu. M'mawa mwake nkhungu inali itakuta phiri lonse, moti munthu wosiyana naye mapazi khumi sunkamuona. Cha m'ma naini tinafika pamene mayi wina ankagulitsa nzimbe pansi pa mtengo wa mkuyu. Atangoona a Venansio anaimirira, nkhope yonse mwee.

"Ii, mwabweranso bambo! Ndimati chaka chino mwalephera. Koma zasintha bwanji, lero mwatsogola ndinu? Amayi ali m'mbuyomu?"

Ine ndinati, "Mayi, mwawasokoneza ndi munthu wina. Awa n'koyamba kudutsa kuno."

Anandiseka. "Awa? Amuna awo a NaNgozo wa ku Tsangano? Ine ndinayamba kuwaona ndili mtsikana, ndikugulitsa ndi amayi anga pompano. Amayi amatsogola, amagula nzimbe ziwiri, imodzi amaisiya pamwalapo, amati ndi ya bambo, akubwera. Pakapita kanthawi iwo amatulukira m'nkhungumu, n'kudutsa osayankhula."

A Venansio anangoima, akuyang'ana mwala umene mayiyo analoza. Ndinamuuza mayiyo kuti achemwali anatisiya mu Epulo. Anagwira pakamwa, n'kukhala pansi. Kenaka anasankha nzimbe ziwiri zonenepa n'kutipatsa. Tisanachoke anatenganso ina yachitatu, n'kukaiika pamwala paja, maso ake osafuna kukumana ndi athu.

Ndikuuzeni zoona, chimene chinayamba kubwera mumtima mwanga si mantha ayi, koma manyazi. Ndinaganiza kuti achemwali anali ndi mwamuna wina amene ankakumana naye m'njira, wofanana ndi amuna awo. Mlongo wanga, wa bungwe la amayi a mpingo! Ndinayenda mutu uli pansi, ndikuopa kuti alamu nawo akuganiza zomwezo. Koma iwo ankangoyenda, nzimbe ili m'manja osaidya.

Masana tinawoloka kamtsinje ka madzi ozizira ngati akuluma. Tsidya lake pali thanthwe lalikulu losalala. Titakwerapo, ndinaona mapazi onyowa atadinda kale pathanthwepo, opanda nsapato, aang'ono, akulowera kumene tinkapita. Phazi lakumanzere linali lopotokera mkati pang'ono. Kwathu tonse ana a mayi mmodzi timaponda choncho. Ndinawerama kuti ndione bwino, koma mphepo inali ikuwaumitsa, ndipo ndisanawaitane alamu panatsala thanthwe lokha. Nditaweramuka ndinapeza kuti iwo anali ataona kale.

Madzulo ake tinafika pa nyumba ya a NaMilanzi, mayi wamasiye amene amasunga alendo a ku mtanda. Achemwali ankagona pamenepo chaka chilichonse. Uthenga wa maliro unali utawafika ndi gulu lomwe linadutsa dzulo lake, choncho atationa anayamba kulira, n'kugwira a Venansio manja onse awiri.

"Pepani bambo, pepani. Lowani m'nyumba lero. Zaka zonsezi mwakhala mukukana kulowa, lero lokha lowani."

A Venansio anavula chipewa. "Mayi, ndiuzeni bwinobwino. Munthu amene munkamuonayo anali wotani?"

A NaMilanzi anawayang'ana modabwa. "Mukundiyesa kodi? Munkafika dzuwa litangolowa, amayi atasamba kale. Munkakhala pakhonde pomwepa, pakona apo, chipewa chomwechi mutachitsitsira kumaso. Amayi ankakutengerani mbale, n'kukhala pambali panu, n'kumakuuzani za ulendo. Ine ndikati ndikupatseni moni ankandiletsa, ankati asiyeni, ndi amanyazi ndi zopemphera, bola abwera. Tsiku lina ndinaona akukusisitani dzanja ili." Analoza chala choduka chija.

Manyazi aja anachoka, m'malo mwake munalowa kuzizira.

A Venansio anapita pakona paja n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Khoma la dothi linali lothimbirira pamene mutu wa munthu wamtali ungatsamire, ndipo mutu wawo unafika ndendende pamenepo. Ine ndinakhala pafupi nawo, poti kwina kokhala kunalibe.

"Alamu," anatero potsiriza. Aka kanali koyamba kuti ayambe ndi iwo kundiyankhula. "Chaka chilichonse NaNgozo akachoka, ine ndinkadwala. Ana ankati ndi malungo a Ogasiti. Tulo tosatha, masana enieni, nyundo ili m'manja. Ndikadzuka miyendo ikuphwanya ngati ndalima ndime zitatu. Kangapo ndinapeza chisoso chitamatirira kumiyendo ya buluku, pomwe sindinachoke pakhomo. Iye akabwera ankandiwiritsira madzi n'kundithowa mapazi, pomwe woyenda anali iye. Ndinkati akundinyoza. Ndinkamukalipira."

Anapukuta kumaso ndi chipewa.

"Zaka zonsezi ndimadziwa kuti ndinamusiya yekha ndi chisoni cha mwana. Nanga tsopano ndiziti chiyani?"

Ndinangowasendezera mbale ya mbatata ndi nyemba imene a NaMilanzi anatipatsa. Anatapa kamodzi, n'kusiya.

Tsiku lachitatu nkhungu inakula, ndipo kunayamba mawawa. Bondo langa linatupa ngati dzungu. Kaphokoso kaja sikanalinso kumbuyo, kanali kutsogolo, ndipo tsopano tonse tinkakamvetsera mosabisa. Kakatalikira, alamu ankafulumira, ine n'kumakuwa kuti andidikire. Tikupuma pa chitunda china, a Venansio anapisa m'thumba la malaya, kenaka m'matumba onse, n'kukhuthula chikwama pansi.

"Kolona ya NaNgozo. Inali muno m'mawa."

Tinafunafuna mu udzu, osaipeza. Ndinawaona akugwa mphwayi ngati maliro achitika kachiwiri. Tinapitirira. Patapita ola tinafika pamene njira inagawikana pawiri, ndipo kwa nthawi yoyamba alamu anaima osadziwa kolowera, chifukwa mvula ya chaka chimenecho inali itagumula njira yakale. Yakumanja inali yotakata, yopondedwa bwino. Yakumanzere inali kanjira ka mbuzi. Ine ndinali nditayamba kale kulowera kumanja pamene anandigwira mkono. Pa nthambi ya kamtengo, m'mbali mwa kanjira kakumanzere, panalendewera kolona ya mikanda yabuluu, ikugwedera, pomwe mphepo kunalibe. Anaitenga, ndipo tinalowera kumanzere.

Tinadzamva pambuyo pake kwa ocheka matabwa kuti njira yakumanja ija imathera pa chigumula chakuya, ndipo m'nkhungu munthu sangachione.

Tinafika pamwamba pa Chitseko tsiku lachinayi dzuwa litapendeka. Gulu la ku parishi tinali titakumana nalo m'munsi likutsika, likuimba, moti pamwambapo tinali awiri okha. Amene simunafikeko mukaona mawa. Pali mtanda wachitsulo wozikika pa mulu wa miyala, pansi pake pali phula la makandulo a zaka zambiri. Kuseri kwake kuli miyala iwiri italiitali yoimirira ngati mphuthu za khomo, ndipo pakati pake pamadutsa kanjira. Alendo sapitako. Kanjirako kamayenda pang'ono chabe, kenaka ndi phompho.

Ine ndinagwada movutikira n'kuyamba kupemphera. A Venansio anaima chilili. Anakoleka kolona ija pa mkono wa mtanda, n'kunena motsitsa, osati kwa Mulungu, "Ndafika."

Pomwepo kanamveka. Ngwe, ngwe. Kuseri kwa mtanda, pakati pa miyala iwiri ija.

Ndinadzutsa mutu. Nkhungu inali yochindikala pamenepo kuposa pena paliponse, ndipo mkati mwake munali pena pakuda. Sindinganene kuti ndinaona nkhope, kapena chitenje, ayi. Ndinaona ngati msinkhu wa munthu wamfupi wowerama pang'ono ndi katundu, ataima chammbali monga amaimira munthu wodikira mnzake panjira. Ndipo kunabwera fungo la utsi wa nkhuni za mbawa ndi sopo wochapira, fungo la achemwali anga ndikamawakumbatira pa Khirisimasi.

A Venansio anavula chikwama n'kuchiika pansi. Anavula nsapato n'kuziika pambali pake bwinobwino. Anayamba kuyenda.

"Alamu!" ndinakuwa. "Alamu, kumeneko kulibe njira!"

Sanacheuke. Ndinadzambatuka kuti ndiwathamangire, koma bondo linangoti phwe, ndinagwa chafufumimba pamiyala. Ndinayesa kudzuka, mwendo unakana. Ndinawaona akudutsa pakati pa miyala ija, nkhungu n'kuyamba kuwameza, miyendo poyamba, kenaka msana.

Sindidziwa chimene chinandigwira. Sindinawaitanenso iwo. Ndinaitana mlongo wanga, monga ndinkamuitanira tili ana ndikagwa mumtengo.

"Achemwali! Achemwali, ndine Damiano! Ndathyoka mwendo pano. Mukawatenga awa, anditsitse phiri lino ndani? Felesita ndikamuuza chiyani? Mwadikira zaka zonsezi, dikiraniko pang'ono!"

Ndinalira ngati mwana, munthu wa imvi.

Kaphokoso kaja kanaleka. Kunangoti zii, ngakhale mbalame. Ndinkangoona chipewa cha alamu chili mbuu patali, chosasuntha. Ndinamva mawu awo akuyankhula motsitsa, nthawi yaitali, koma sindinamve chimene ankanena. Kangapo ankaima ngati akumvetsera. Kenaka ndinamva ngwe kamodzi, ngwe kachiwiri chapatali, kachitatu kutali kwambiri, kumene kulibe nthaka yoti munthu n'kupondapo.

Chipewa chija chinatembenuka. A Venansio anatuluka m'nkhungumo, mapazi ali magazi ndi miyala, nkhope yonse yonyowa. Anabwera n'kukhala pansi pambali panga, akupuma ngati athamanga.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Sananene kanthu."

"Nanga mwabwerera bwanji?"

Anaika dzanja pachifuwa pawo. "Wandikankha apa. Pang'ono chabe, ndi nsonga za zala. Ndi mmene ankachitira ndikafuna kulowa m'khitchini iye asanathe kuphika."

Kenaka anavala nsapato, n'kugwira bondo langa, n'kulimanga ndi mpango wawo. Anayang'ana kumwamba n'kunena kuti tikachedwa mdima utipeza pamwamba pano. Anawerama patsogolo panga.

"Kwerani."

"Alamu, inu zaka makumi asanu ndi awiri, simunadye bwino miyezi inayi. Tigwa tonse."

"Kwerani, a Ngozo. Ndapatsidwa ntchito."

Ndinakwera. Munthu amene kwa zaka makumi anayi sindinadye naye mbale imodzi anandibereka ngati khanda, ndipo ndinkamva mafupa a msana wake pachifuwa panga. Ankayenda mapazi makumi awiri n'kupuma, makumi awiri n'kupuma. Tonse tinkatchera khutu kumbuyo, ngakhale palibe anauza mnzake. Kunalibe kanthu. Ndinamva mapewa awo akugwedezeka, ndinadziwa kuti akulira, ndipo nanenso ndinalira m'khosi mwawo.

A Venansio anakhala zaka zina zisanu ndi zitatu. Anaona ana atatu a Felesita, ndipo anamwalira pamphasa pawo, ine nditawagwira dzanja. Zaka zonsezo tinkayenda ulendo uno awiri, ndipo chimene tinamva chaka chija sitinachimvenso.

Koma ine chimene ndimakumbukira kwambiri ndi potsika paja. Tili pakati pa phiri, kutayamba kuchita chisisira, nkhungu ili ponseponse moti sindinkaona ngakhale mapazi awo, anaima mwadzidzidzi n'kundikweza bwino kumsana.

"Gwiritsitsani, alamu. Kutsogoloku kuli muzu wa mkuyu wopingasa njira, ndipo ukatha umenewo pali poterera."

"Mwadziwa bwanji? Pokwera sitinadzere mbali ino."

Kenaka ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo chikwatirire iwo kwathu. Anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, misozi ili m'masaya.

"Ndinagwapo," anatero.

Ndipo anakweza mwendo, n'kudumpha muzuwo.